Musanagule TV ya HD mu Blantyre, muyambe mwasuzumira kuseri kwa dekoda

TV yathu yakale inali ija ya chimimba kumbuyo, yoti ponyamula mpaka anthu awiri. Tinaigula kanema wa boma akutchedwabe TVM, ndipo inatisunga zaka zambiri osadandaula. Itayamba kuonetsa owerenga nkhani ali ndi nkhope zobiriwira, mmisiri wa ku Ndirande amene ankatikonzera anangoti, "Achimwene, zipangizo za imeneyi zinasiya kubwera. Ndikapitiriza kulandira ndalama zanu ndiye kuti ndikukuberani." Ine ndi mayi a kunyumba tinagwirizana zoyamba kuika kangachepe pambali mwezi ndi mwezi.

Tili mkati mosonkha, alamu anga a ku Machinjiri anatitsogolera. Anatuma mnzawo woyendetsa thiraki kuti awagulire ya mainchesi 55 ku Joni, pakatoni atalembapo 4K ndi zilembo zikuluzikulu. Itafika anaitana mtundu wonse kuti tikaonere mpira wa ku Mangalande. Masewero atayamba, pabalaza panangoti zii. Nambala za pamsana pa osewera sizinkawerengeka, mpira ukamenyedwa unkasiya kamchira m'mbuyo, udzu wa m'bwalo unkangooneka ngati phala lobiriwira. Alamu anayamba kumunena mnzawo uja kuti wawagulira feki.

Ndinadzuka n'kukasuzumira kuseri. TV yodula ija anailumikiza kudekoda ndi kawaya kakale kaja ka mitu itatu, wachikasu, woyera ndi wofiira. Pambali pake, padekoda pomwepo, bowo la HDMI, lolowetsamo waya wonyamula chithunzi cha HD, linali pululu. Tinatuma mwana kukabwereka waya wa HDMI kwa aneba, tinalowa m'menyu ya dekoda n'kusankha 1080, ndipo nthawi yomweyo tinayamba kuona mpaka thukuta la pachipumi pa goloboyi. Alamu anaitanitsa zakumwa zina. Koma mpira utatha, titatembenuzira ku tchanelo choulutsa chithunzi wamba, chimbuuzi chija chinabweranso, ndipo pa galasi lalikulu chonchija chinkanyansa kuposa mmene chinkaonekera pa TV yathu yachimimba.

Zimene ndinaona kwa alamuwo ndi zimene zinanditsogolera pogula yanga. TV imangoonetsa zimene yapatsidwa. Chithunzi chilichonse pagalasipo ndi timadontho ting'onoting'ono tambirimbiri tofoledwa m'mizere. Chithunzi wamba, chimene kawaya kachikasu kamanyamula, chili ndi timadontho 720 chopingasa ndi 576 chotsika, osakwana ndi theka la miliyoni lomwe. TV yolembedwa HD Ready nthawi zambiri imakhala ndi 1366 ndi 768, tingoti miliyoni imodzi. Full HD ndi 1920 ndi 1080, kupitirira pang'ono mamiliyoni awiri. 4K ndi 3840 ndi 2160, mamiliyoni asanu ndi atatu ndi kanthu. Ndiye mukaipatsa TV ya 4K chithunzi wamba, kadontho kamodzi imakatambasula kuti kadzaze malo a timadontho pafupifupi 20. Zosowazo imangopeka. Zodula zimapeka mwaluso, zotchipa zimapeka mwachisawawa, koma palibe imene ingabweretse zimene kamera ya kuwailesi sinatumize.

Chifukwa chake ndisanapite m'mashopu ndinakhala pansi n'kuwerengera zimene pakhomo pathu timaonera. Madzulo ndi nkhani pa MBC, Times kapena Zodiak. Ana ndi makatuni. Mayi a kunyumba ndi makwaya ndi mafilimu a pafulashi. Ine ndi mpira wa pa SuperSport thumba likalola, ndi ma Bullets kapena Manoma akamaonetsedwa. Pa zonsezi panalibe chimodzi chofika pa 4K. Ndalama yowonjezera kuti ndipeze timadontho mamiliyoni asanu ndi atatu ikanakhala yolipirira chinthu choti sitidzachiona.

Chachiwiri ndinayeza pabalaza. Kuchokera pasofa kukafika pakhoma ndi mamita awiri ndi theka, ndipo nyumba zambiri za lendi ku Chirimba, Chilomoni, Zingwangwa kapena Bangwe sizisiyana kwambiri ndi pamenepa. Pa mtunda wotere, pa TV ya mainchesi 43, diso la munthu limavutika kusiyanitsa Full HD ndi 4K. Kusiyanako kumayamba kuoneka galasi likakula kufika cha m'ma 55 kupita m'mwamba, kapena mukakhala pafupi kwambiri. Kwa wokhala m'chipinda chimodzi, ya mainchesi 32 ndi yokwana, ngakhale ambiri mwa ma 32 ndi HD Ready chabe. Pa kukula kumeneko sizivuta. Chimene sindingagule ndi HD Ready ya mainchesi 40 kupita m'mwamba, chifukwa timadontho timayamba kuonekera, makamaka pa zilembo za m'munsi zija nthawi ya nkhani.

Ogulitsa ambiri zonsezi amangoti "HD, bwana." Musakhutire ndi yankho limenelo. Afunseni nambala, kapena muiwerenge nokha pakatoni: 768, 1080 kapena 2160.

Popita ku Limbe ndinatenga tepi yoyezera ya mayi a kunyumba, ija ya kutelala. Mainchesi a TV amayezedwa mopingasa kuchokera pangodya ya m'munsi kukafika pangodya ya m'mwamba ya mbali inayo, galasi lokha, osaphatikiza pulasitiki ya m'mphepete. Inchi imodzi ndi masentimita 2.54, choncho ya 32 iyenera kukwana masentimita 81, ya 43 ikwane 109, ya 55 ikwane pafupifupi 140. M'shopu ina mnyamata anandionetsa TV ya dzina loti sindinalimvepo, katoni yake italembedwa 43, mtengo wake wokoma kwambiri. Nditatambasula tepi inathera pa 101. Imeneyo ndi ya mainchesi 40. Mnyamatayo anaseka n'kunena kuti, "Madala, inu ndiye mwabwera ndi sukulu." Sanakane, anangonditengera ku ina.

M'mashopu TV iliyonse imaoneka bwino, ndipo pali chifukwa. Amaika kanema wopangidwira kutsatsa malonda, wa maluwa, mathithi ndi zipatso zodontha madzi, wojambulidwa mu 4K ndipo woyenda pang'onopang'ono. TV yokhayo amaitchera pa Store Mode, kuwala ndi mitundu zili pamapeto. Kunyumba simudzaonera maluwa. Ine ndinanyamula fulashi yanga. Ndinaikamo kachidutswa ka mpira, kanema wa ukwati wa mphwanga wojambulidwa pafoni, kagawo ka filimu kochitika usiku, ndi zithunzi zinayi za mtundu umodziumodzi: choyera, chakuda, chofiira ndi chobiriwira.

Chilichonse chinali ndi ntchito yake. Mpira umaulula TV imene imachedwa, kamera ikatembenuka msanga osewera amasanduka mizukwa. Kanema wa ukwati anandithandiza kuona khungu la anthu, chifukwa nkhope za abale anga ndimazidziwa. TV ina inawafiiritsa onse, ina inawadetsa moti suti yakuda ya mkwati ndi mthunzi wa m'tchalitchi zinangosakanikirana. Chithunzi chakuda chimaonetsa kuwala kotayikira m'ngodya. TV zimene timazitchula kuti LED zili ndi timagetsi kuseri kwa galasi, ndipo zikapangidwa mosasamala mumaona zigamba zotuwa m'mphepete mukazimitsa nyale. Zithunzi za mitundu ina zija ndi zofufuzira kadontho kakufa, kamene kamangokhala kakuda kapena kowala malo amodzi. Kadontho kamodzi kokha n'kokwanira kukusowetsani mtendere, chifukwa mukangokaona diso limathamangira pomwepo tsiku lililonse. Ndipo kuyesaku muchite pa TV imene mukupita nayo kunyumba, aitulutse m'katoni muli pompo, osati pa ya pashelefu.

Ndinayang'ananso ndili chammbali, kenako nditanjuta. Kwathu kukabwera alendo ana amatsikira pamkeka, ena amakhala pampando wa pafupi ndi chitseko. Pali magalasi ena oti ukangopatuka pang'ono mitundu imafwifwa. Woigula amakhala pakati n'kumaiyamikira, a m'mbali akuonera zotuwa.

Za mawu anthu amaiwala, chonsecho ndi pamene TV zopyapyalazi zimalephera. Masipika ake ndi ang'ono ndipo amaloza pansi kapena kumbuyo. Nyumba yathu ndi ya malata yopanda siling'i, ndiye mvula ya mu Januwale ikagwa, ngakhale mukweze mpaka pa 100 mumangoona milomo ikugwedera. Onetsetsani kuti kumbuyo kuli potulutsira mawu kupita ku wailesi kapena masipika: bowo la mahedifoni, la optical, kapena HDMI yolembedwa ARC. Zina zatsopano zilibiretu bowo la mahedifoni, ndipo sabuufa yanu yakale simungailumikize popanda kugula kena kapakati. Muwerengenso mabowo a HDMI. Awiri ndiye poyambira, atatu ndi bwino, chifukwa dekoda imatenga limodzi, ndipo tsiku lina mudzafuna kulumikiza laputopu kapena gemu ya ana. Ngati muli ndi DVD yakale kapena dekoda yopanda HDMI, onani ngati mabowo a kawaya kachikasu aja alipo, pakuti opanga ena anayamba kuwachotsa.

Pakatoni muyang'anenso mawu akuti DVB-T2. Dziko lino litachoka pa kaulutsidwe kakale kupita ku digito linatsata njira imeneyi, yomwenso dekoda za Kiliye Kiliye ndi GOtv zimagwiritsa ntchito. Matchanelo olipira amafunabe dekoda yake, koma TV yokhala ndi DVB-T2 ndi imene imagwirizana ndi kaulutsidwe ka kuno. Nkhaniyi imakula pa TV zakaunjika. Za ku America zimatsata njira ina yolandirira matchanelo, ndipo zina mwa izo zimafuna magetsi a mavoti 120 pamene athu ndi 230. Za ku Japan ndi za 100. Kumbuyo kwa TV iliyonse kuli kapepala kolembedwa mphamvu ya magetsi imene imalandira. Ikalembedwa 100 mpaka 240 palibe vuto. Ikalembedwa 120 yokha n'kuilowetsa pasoketi ya ESCOM, mumva kaphokoso kamodzi ndi fungo.

Wogulitsa aliyense ankandikankhira ku Smart TV, ija yolumikizika ku intaneti. Ndi zoona kuti masiku ano zambiri za mainchesi 43 kupita m'mwamba zimabwera zili choncho, mufune musafune. Koma musalipire ndalama yapadera chifukwa cha mawu amenewa musanawerengere bandulo. Netflix yokha imanena kuti kanema wa HD amatha kudya mpaka magigabaiti atatu pa ola, wa 4K mpaka asanu ndi awiri. Ife intaneti yathu ndi ya pafoni, ya TNM ndi Airtel. Mwana akalumikiza TV ku foni yanu n'kutsegula makatuni pa YouTube, TV imasankha yokha chithunzi chapamwamba malinga ndi mphamvu ya netiweki, ndipo bandulo ya mwezi imatha musanaweruke kuntchito. Mungathe kutsitsa pamanja kufika pa 480 kapena 720, koma pamenepo mwabwereranso ku nkhani ya alamu ija. Komanso ubongo wa Smart TV zotchipa ndi wofooka. Zimachedwa kutseguka, ndipo pakapita zaka mapulogalamu ena amasiya kugwira pamene galasi likadali labwinobwino. Ine ndinaona kuti bola galasi labwino, za intanetizo n'kudzagula kabokosi kapadera kolowetsa pa HDMI, koti kakakalamba mumangosintha ikoko.

Tsopano magetsi, amene kwa ife a mu Blantyre ndi theka la nkhani yonse. Amene analipo mu 2022 akukumbukira mmene zinalili namondwe Ana atawononga Kapichira mu Januwale chaka chimenecho, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 nthawi imodzi. Kuthima kwenikweniko sikuwononga TV. Choopsa ndi pobwera, pamene mphamvu imatha kudumpha kapena kubwera yochepa n'kumaphethira. Amisiri okonza ma TV adzakuuzani kuti zambiri zimene amalandira zimakhala zitapsa bolodi ya magetsi. Choncho pa bajeti yanga ndinapatuliratu ya TV guard, kachipangizo kolowetsa pasoketi kamene kamadula magetsi akakwera kapena kutsika mopitirira, ndipo akabwera kamadikira kaye pang'ono kasanawalole kudutsa. Ekisitenshoni wamba ya pamsika, ngakhale ikhale ndi kanyale kofiira, si TV guard.

Mphezi ndi nkhani ina. Kuyambira Novembala mpaka cha mu Epulo, mphezi ikagwa pafupi mphamvu yake imatha kulowera pa waya wa dishi kapena wa eriyo, kudutsa m'dekoda, n'kukalowa mu TV kudzera pa HDMI. TV guard ya pasoketi siiona njira imeneyo. Kwathu lamulo ndi lakuti kukayamba kugunda cha ku phiri la Ndirande kapena Michiru, amene ali pafupi azule pulagi kukhoma ndi waya wa dishi womwe. Kuzimitsa ndi rimoti sikuthandiza kanthu. Ndipo waranti zambiri sizilipira zowonongeka ndi mphezi kapena magetsi, monganso sizilipira galasi losweka.

Pa kapepala ka kumbuyo kaja pamalembedwanso mawati. Yuniti imodzi ya magetsi ndi mawati 1000 kwa ola limodzi. TV ya mawati 70 yoyaka maola asanu patsiku imadya mayunitsi pafupifupi khumi pamwezi, zomwe si zoopsa. Koma kwa amene ali ndi batire ndi inveta, kapena sola, nambala imeneyi ndi yofunika kuposa 4K. Batire ya mavoti 12 ya 100Ah, ngati simukufuna kuipha msanga, mumangogwiritsa ntchito theka la mphamvu yake, mawati 600 kwa ola limodzi. TV ndi dekoda zikamadya 90 pamodzi, muonera maola asanu kapena asanu ndi limodzi. Mukaikapo chi TV chodya mawati opitirira 120, kuwonjezapo dekoda ndi mababu, batire ikhoza kukuthawani mpira wachiwiri usanathe. Kutsitsa kuwala kwa galasi, pa mawu akuti Backlight m'menyu, kumachepetsa kudya kwa magetsi komanso kumatalikitsa moyo wa timagetsi ta kuseri tija. Timeneti tikapsa ndi pamene TV imatulutsa mawu okha chithunzi osaoneka.

Za maina, Samsung, LG, Sony, Hisense ndi TCL ndi amene anthu amawadziwa, ndipo pachifukwa chomwecho ndi amene akuba amakonda kumata pa TV zosadziwika kochokera. Njira yanga inali yachidule. Nambala ya mtundu wa TV yolembedwa kumbuyo ndinkailemba pa Google ndili m'shopu momwemo, kuona ngati ikupezeka patsamba la kampaniyo ndipo kukula kwake kukugwirizana. Kenako ndinkafananiza siriyo nambala ya pakatoni, ya kumbuyo kwa TV, ndi yotuluka m'menyu. Zitatuzi zikasiyana, tulukani. Yang'ananinso rimoti ndi menyu: TV yonamizira imayaka ndi dzina lalikulu, koma mukalowa mkati mumapeza zilembo zosalongosoka ndi Chingerezi chothyokathyoka. Sindikunena kuti ya dzina laling'ono ndi yoipa. Ilipo yabwino ndithu, bola igulitsidwe ndi dzina lake ndi mtengo wake.

Funso limene linandithandiza kusankha shopu ndi ili: "Ikawonongeka mwezi wachisanu, ndipite nayo kuti?" Ena ankayankha kuti, "Siingawonongeke, bwana." Amenewo ndinkawatsanzika. Kumene ndinagula, mayi wa pakauntala ananditchulira malo okonzera a mu Blantyre momwemuno, analemba siriyo nambala palisiti, n'kudinda chidindo pakhadi la waranti ya chaka chimodzi. Lisiti la pamakina limafufutika pakapita miyezi, ndiye lijambuleni pafoni tsiku lomwelo. Mukadzakanidwa chilungamo muli ndi mapepala m'manja, kuli bungwe la boma la Competition and Fair Trading Commission komanso la CAMA loimira ogula, koma popanda lisiti kulikonseko mukangotaya nthawi.

Apa ndi pamene ya ku Joni imandikayikitsa. Mtengo wa pashelefu kumeneko umaoneka wotsika, koma muwonjezepo ya wonyamula, msonkho wa MRA pachipata cha Mwanza, ndi ulendo wonse wodutsa Zimbabwe ndi Tete galasi likugwedezeka. Ikafika ndi mng'alu, wonyamula adzati inali choncho, ndipo ikadzavuta waranti yake ili kutali. Imabweranso ndi pulagi ya mano obulungira, yosalowa m'masoketi athu. Ya alamu ikugwirabe ntchito bwinobwino, koma anachita mwayi. Za mitengo ya konkuno, katunduyu amagulidwa ndi ndalama zakunja, ndiye amayenda ndi kwacha. Itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mitengo ya zamagetsi inasintha nthawi yomweyo. Mtengo umene mwauzidwa lero muufunsenso tsiku lopita ndi ndalama, ndipo kunenerera kumaloledwa, makamaka mukamalipira zonse kamodzi. Akakana kutsitsa, pemphani akuikireni waya wa HDMI kapena chitsulo chopachikira pakhoma.

Pa waya wa HDMI musanyengedwe ndi wa mitu yagolide wodula kawiri. Pa mtunda wa mita imodzi kapena iwiri, wamba wolimba bwino amatulutsa chithunzi chimodzimodzi.

Tinagula ya mainchesi 43, Full HD, ya HDMI zitatu. Yotsala pa ndalama imene ikanapita ku 4K inagula TV guard ndi masipika awiri, n'kutsalanso ya dekoda ya miyezi ingapo. Ponyamula ndinachita hayala galimoto m'malo molimbana ndi minibasi, ndipo TV inayenda choimirira, itatsamira kumpando, ine nditaigwira. Galasi lalikulu lopyapyala likagonekedwa chafufumimba kapena chagada, bampu imodzi ya msewu wa kumakwalala kwathu ikhoza kuling'alula pakati. Pa kabaza ndiye musayerekeze n'komwe.

Titafika ndinaichotsa pa Store Mode n'kuika pa Home, ndinatchera dekoda pa 1080 ndi 16:9 kuti anthu asaoneke ofupika ndi onenepa, n'kuzimitsa kuwala kowonjezera kumene kumapweteka maso usiku. Sitinaipachike pakhoma chifukwa eni nyumba salola kuboola, komanso khoma lake ndi la njerwa zomangira dothi loti silingagwire zomangira zolemera. Ili patebulo lalitali, ndipo ndinaimangirira kumbuyo ndi lamba kuti wamng'ono wathu asaigwetse pofuna kugwira makatuni. Mayi a kunyumba ankafuna kuifunditsa kansalu koluka monga ankachitira ndi yakale ija. Tinagwirizana kuti kazifunda ikakhala yozima basi, chifukwa timabowo ta pamwamba ndi totulutsira kutentha. Fumbi la mu Okutobala timapukuta ndi kansalu kofewa kouma, osathira sopo kapena sipiriti pagalasi. Katoni ndi zoyera zake zotetezera zili pamwamba pa wadilopu, pakuti shopu inati TV yobwezedwa ibwere m'katoni mwake, ndiponso ife a lendi tsiku losamuka silidziwika.